Muhammad Abduh, Mufti amene aliyense amamukokera kwake

M'chaka cha 1903, ku ofesi ya Mufti (mkulu wopereka zigamulo za chipembedzo cha Chisilamu) wa dziko la Egypt mumzinda wa Cairo kunafika kalata yochokera ku Transvaal, ku South Africa. Msilamu wina kumeneko anali ndi mafunso atatu. Kodi Msilamu wokhala pakati pa Azungu angavale chipewa chawo pa ntchito ndi pa malonda? Kodi angadye nyama yophedwa ndi Akhristu, amene amayamba akhoma ng'ombe ndi nkhwangwa pamutu, ndipo pozinga satchula dzina la Mulungu? Nanga munthu wa madhhab (njira ya kamvedwe ka malamulo a Chisilamu) ya Shafi'i angaswali pambuyo pa imamu wa madhhab ya Hanafi?

Mufti anayankha kuti zonse zitatu n'zololedwa. Chipewa sichichotsa munthu m'Chisilamu ngati akuchivalira dzuwa kapena ntchito. Pa nyama anatsamira pa surah 5, ndime 5, imene imati chakudya cha anthu a Buku n'chololedwa kwa Asilamu. Swala nayo anati ndi yovomerezeka. Mafunso amenewa sangakhale achilendo kwa Amalawi achisilamu amene ali pa ntchito ku Johannesburg lero, poti ambiri mwa iwo ndi a Shafi'i ndipo mizikiti yambiri imene amaipeza kumeneko ndi ya Hanafi. Koma ku Cairo kwa 1903 yankholi linabutsa mavu pachimulu. Manyuzipepala anamugwera Mufti, ena n'kumati wagulitsa chipembedzo kwa Angerezi, ndipo Khedive Abbas Hilmi II, wolamulira Egypt amene anali atasemphana naye kale, sanamve chisoni ayi.

Mufti ameneyu ndi Muhammad Abduh, amene anabadwa mu 1849 n'kumwalira mu 1905. Palibe buku lonena za maganizo a Chisilamu m'zaka 150 zapitazi limene lingamulumphe. Chovuta n'chakuti mabukuwo sagwirizana za munthu amene akumufotokoza. Kwa ena ndi tate wa Asilamu ofuna ufulu wa kuganiza ndi maphunziro a sayansi. Kwa ena ndi agogo a gulu la Muslim Brotherhood. Ena anamutcha woyambitsa Salafi, gulu lofuna kubwerera ku chitsanzo cha Asilamu oyambirira, pamene a Salafi ambiri lero safuna n'komwe kumva dzina lake. Wina anafika polemba kuti mumtima mwake munalibe chikhulupiriro. Zili ngati chuma cha masiye: mwini atangotseka maso, achibale anatulukira mbali zonse, aliyense ndi umboni wake. Ndiye ntchito yaikulu ya ofufuza za Abduh yakhala yofunsa pa tsamba lililonse kuti, kodi apa akulankhula ndi Abduh, kapena ndi munthu amene anagwira cholembera m'malo mwake?

Anakulira m'mudzi wa Mahallat Nasr, m'chigawo cha Buhayra kumunsi kwa mtsinje wa Nile, m'banja la alimi osasowa kwenikweni. Ataloweza Qur'an, bambo ake anamutumiza ku mzikiti wa Ahmadi ku Tanta. Iye mwini anafotokoza kuti anatha chaka ndi theka akuphunzira malamulo a Chiarabu osatolapo kanthu, chifukwa mashehe ankangowerenga ndemanga za mabuku akale, mawu ovuta osawamasulira, ophunzira n'kumaloweza. Anathawa. Anakwatira ali ndi zaka 16, maganizo ali pa ulimi. Bambo ake atamukakamiza kubwerera ku Tanta, anapatuka panjira n'kukabisala kwa achibale. Kumeneko anakumana ndi Sheikh Darwish Khadr, malume a bambo ake, munthu wa tariqa (gulu la Asufi, Asilamu otsindika za uzimu) ya Shadhili. Mkuluyu anamupatsa kabuku ka makalata a shehe wake kuti amuwerengere, ati maso ake sakuona bwino. Mnyamatayo anakataya kutali. Mkuluyu sanakwiye, anangobweranso. M'masiku ochepa mnyamata amene ankakonda kukwera mahatchi anali atasanduka wokonda mabuku, ndipo mu 1866 analowa al-Azhar, sukulu yaikulu ya Chisilamu ku Cairo.

Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo aliyense wolemba za Abduh amaibwereza. Koma onani kumene ikuchokera: Abduh anaifotokoza atakalamba, ali pa nkhondo yofuna kusintha kaphunzitsidwe ka al-Azhar, ndipo ife timaiwerenga m'buku la wophunzira wake. Mkulu wolimbana ndi maphunziro oloweza akamakumbukira ubwana wake, n'zosadabwitsa kuti amakumbukira kwambiri kuipa kwa kuloweza. Izi sizikutanthauza kuti ananama. Koma ikusonyezanso chinthu chimene otsatira ake ena sankakonda kuchitchula, chakuti amene anamubweza ku maphunziro anali Msufi.

Munthu wachiwiri amene anamutembenuza ndi Jamal al-Din al-Afghani, amene anakhazikika ku Cairo mu 1871. Ankadzitcha wa ku Afghanistan, koma ofufuza, makamaka Nikki Keddie, anasonyeza kuti kwawo kunali ku Asadabad ku Iran ndipo anaphunzira pakati pa a Shia. Kunyumba kwake ankaphunzitsa achinyamata nzeru za Ibn Sina, katswiri wakale wa filosofi, zimene al-Azhar inali itaziika pambali, komanso ankawalimbikitsa kulemba m'manyuzipepala ndi kulowa ndale. Abduh anamutsatira mpaka m'gulu la Freemason. Atalandira digiri yake mu 1877 anaphunzitsa ku sukulu ya aphunzitsi ya Dar al-Ulum, ndipo mu 1880 anakhala mkonzi wa nyuzipepala ya boma, al-Waqa'i al-Misriyya. Asilikali otsogozedwa ndi Ahmad Urabi ataukira ndipo Angerezi atalanda Egypt mu 1882, Abduh anazengedwa mlandu n'kuthamangitsidwa m'dziko. Mu 1884 anali ku Paris ndi Afghani, kumene anatulutsa nyuzipepala ya al-Urwa al-Wuthqa. Inatuluka maulendo 18 okha, kuyambira Malichi mpaka Okotobala, koma Angerezi anailetsa ku Egypt ndi ku India, ndipo anthu ankabwerekana mobisa.

Abduh amene anabwerera ku Egypt mu 1888, atatha zaka zingapo akuphunzitsa ku Beirut, anali munthu wina. Ndale zoukira anali atazisiya. Pambuyo pake analemba mawu opempha Mulungu kuti amutchinjirize ku ndale, ngakhale ku dzina lenilenilo la ndale. Anakhala woweruza milandu, anaphunzira Chifalansa atapitirira zaka 40, analowa m'bungwe loyendetsa al-Azhar mu 1895, ndipo mu 1899 anasankhidwa kukhala Mufti. Lord Cromer, Mngerezi amene ankayendetsa Egypt kuseri kwa Khedive, ankamuteteza. Amene ankamenyera ufulu wa dziko sanamukhululukire pa ubwenzi umenewu.

Apa ndi pamene akulowa Rashid Rida, ndipo nkhani yonse ya kufufuza Abduh yagona pa munthu ameneyu. Anabadwa mu 1865 ku Qalamun, pafupi ndi Tripoli m'dziko limene lero ndi Lebanon. Anawerenga makope akale a al-Urwa al-Wuthqa, mtima unatentha, ndipo anapita ku Cairo kukadziphatika kwa Abduh. Mu 1898 anayambitsa magazini ya al-Manar, imene anaiyendetsa mpaka imfa yake mu 1935. Anakhala ndi Abduh zaka zisanu ndi ziwiri zokha, koma anakhala womulankhulira zaka 30 mwini wake ali kumanda.

Tengani tafsiri (buku lofotokoza Qur'an) yotchuka ya al-Manar, imene anthu ambiri amati ndi ya Abduh. Zimene zinkachitika ndi izi. Kuyambira 1899 Abduh ankakhala pa al-Azhar n'kumafotokoza Qur'an pakamwa. Rida ankalemba mfundo, kukazikonza kunyumba, kuwonjezapo zake, n'kuzisindikiza m'magazini. M'kati mwake mumapeza pena palembedwa kuti "anatero mphunzitsi, imamu", pena kuti "ine ndikuti", koma malire ake sakhala oonekera nthawi zonse, ndipo ndime zambiri zilibe chizindikiro chilichonse. Imfa inamupeza Abduh atafika pa surah 4, chapakati pa ndime za m'ma 120. Rida anapitiriza yekha mpaka surah 12, ya Yusuf, n'kukwanitsa mavoliyumu 12. Ndiye oposa theka la mavoliyumuwo Abduh sanawaone n'komwe. Rida mwini anavomera kuti mphunzitsi wake atamwalira anasintha kachitidwe, n'kuyamba kugwiritsa ntchito hadith (mawu ndi zochita za Mtumiki) zochuluka kuposa mmene Abduh ankachitira. Wophunzira amene wapeza mawu okoma m'voliyumu ya chisanu ndi chitatu n'kulemba kuti "Abduh anati" ndiye kuti walakwitsa mayeso.

Buku limene Abduh analemba ndi dzanja lake, Risalat al-Tawhid, nalo silinapulumuke. Linachokera m'maphunziro amene ankapereka ku Beirut ndipo linasindikizidwa mu 1897. M'kope loyambalo munali ndime yonena kuti Qur'an imene anthu amaiwerenga ndi kuitchula pakamwa ndi yolengedwa. Kwa amene sakudziwa, funso limeneli linagawa Asilamu kwambiri m'zaka za m'ma 800, pamene a Mu'tazila ankati Qur'an inalengedwa ndipo Imam Ahmad ibn Hanbal anakwapulidwa chifukwa chokana. M'makope amene Rida anasindikiza pambuyo pake ndimeyo mulibe. Iye anafotokoza kuti Abduh mwini ndiye analemba m'mphepete mwa kope lake kuti ichotsedwe. N'kutheka. Koma mboni ya zimenezi ndi Rida yemweyo.

Kenako pali mbiri ya moyo wa Abduh imene Rida analemba m'mavoliyumu atatu. Awiri, a zolemba za Abduh ndi a mawu a maliro, anatuluka atangomwalira. Voliyumu yoyamba, imene ikufotokoza moyo wake, inadikira mpaka 1931. Pofika nthawi imeneyo Rida anali atasintha kwambiri. Ufumu wa Ottoman unali utagwa, ukhalifa (utsogoleri wa Asilamu onse) utathetsedwa mu 1924, ndipo iye anali ataika chiyembekezo chake pa Ibn Saud, amene anadzakhala mfumu yoyamba ya Saudi Arabia, n'kumasindikiza mabuku a mashehe a kwawo kwa Ibn Saudyo, ku Najd. Abduh wa m'buku lake anatuluka wofanana kwambiri ndi Rida wa 1931: wotsamira pa Ibn Taymiyya (shehe wakale amene a Salafi amamudalira), wotalikirana ndi Usufi, wopanda zambiri za Ibn Sina.

Akatswiri oyamba a ku Ulaya ndi America anamwa pa chitsime chomwechi. Charles Adams, amene buku lake linatuluka mu 1933, anadalira Rida kwambiri. Albert Hourani mu 1962 anajambula Abduh ngati munthu woima pakati, amene ophunzira ake anagawikana pawiri. Mbali ina kunapita anthu ngati Saad Zaghlul, amene anadzakhala nduna yaikulu mu 1924, Qasim Amin wolemba za ufulu wa amayi, ndi Ali Abd al-Raziq, amene mu 1925 analemba kuti ukhalifa si lamulo la chipembedzo, mashehe a al-Azhar n'kumuvula ushehe. Mbali inayo kunapita Rida, ndipo kudzera mwa iye Hasan al-Banna, amene anayambitsa Muslim Brotherhood mu 1928. Chithunzi cha Hourani chinakhazikika m'mayunivesite kwa zaka zambiri, mwina chifukwa n'chosavuta kuphunzitsa.

Chimene chinagwedeza zinthu chinachokera ku Tehran. Afghani anasiya mapepala ake kunyumba kwa mnzake wamalonda kumeneko, ndipo mu 1963 akatswiri a ku Iran anawasindikiza. M'katimo munali makalata amene Abduh analembera Afghani ali ku Beirut mu 1883. M'kalata ina anatamanda mphunzitsi wake ndi mawu amene Msilamu wamba angawasungire Mulungu yekha, ndipo poyerekeza zinaoneka kuti Rida, posindikiza kalata yomweyo, anadulamo malo ochititsa manyaziwo. M'kalata ina Abduh analemba kuti akutsatira lamulo la Afghani lakuti mutu wa chipembedzo sudulidwa ndi china koma lupanga la chipembedzo lomwe. Wofufuza Elie Kedourie anatola mawu amenewa, nawaphatikiza ndi zimene Cromer analemba mu 1908, zoti ankaganizira kuti bwenzi lake Abduh mumtima anali munthu wokayika za Mulungu, ndipo mu 1966 anatulutsa kabuku konena kuti Afghani ndi Abduh anali osakhulupirira amene ankangogwiritsa ntchito chipembedzo pa ndale.

Kedourie anachita bwino kuvumbula lumo la Rida. Koma pa mlandu weniweniwo, ine ndikuona kuti anathamanga. Kutamanda shehe mopyola muyeso ndi chilankhulo chodziwika cha wophunzira wa tariqa kwa mphunzitsi wake, ndipo amene wawerengako ndakatulo za Asufi sangadzidzimuke nacho. "Mutu wa chipembedzo" ungathenso kukhala mashehe ouma mitu amene awiriwa ankalimbana nawo. Ndipo Cromer ndi mboni yotani? Munthu amene analemba m'buku lomwelo kuti Chisilamu chikasinthidwa sichikhalanso Chisilamu, akakumana ndi shehe wowerenga Chifalansa, woti mu 1903 anapita ku Brighton kukacheza ndi Herbert Spencer, Mngerezi wa filosofi wokayika za Mulungu, angaganize chiyani china kupatula kuti sheheyo sakhulupirira? Kalata ziwiri za munthu wa zaka 34 wothamangitsidwa kwawo sizingalemere kuposa zaka 17 zimene anatha akuweruza, akuphunzitsa tafsiri, akusindikiza mabuku akale a Chiarabu ndi kuyankha wandale wa ku France Gabriel Hanotaux ndi mtolankhani Farah Antun pamene ananyoza kapena kukayikira Chisilamu. Ofufuza a m'zaka zaposachedwa, monga Samira Haj ndi Oliver Scharbrodt, amamuwerenga Abduh m'kati mwa mwambo wa maphunziro a Chisilamu momwe, mmene munthu mmodzi ankatha kukhala Msufi, wa filosofi ndi woweruza wa shariya popanda wina kudabwa.

Funso la mwini cholembera limapita mbali zonse. Muhammad Imara, amene anasonkhanitsa zolemba zonse za Abduh m'zaka za m'ma 1970, ananena kuti mitu ina ya buku la Qasim Amin la 1899, makamaka yokhudza ukwati, mitala ndi chisudzulo, inalembedwa ndi Abduh mobisa. Mbali inayi, zolemba zina za unyamata zimene zili m'dzina la Abduh, Imara anati ndi maphunziro a Afghani amene Abduh anangowalemba. Ena amatsutsa zonse ziwiri. Ndiye pali mawu aja amene amazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp, oti Abduh anati anapita ku Ulaya n'kuona Chisilamu popanda Asilamu, atabwerera kwawo n'kuona Asilamu popanda Chisilamu. Ndi mawu okoma pa ulaliki wa Lachisanu, koma amayenda opanda dzina la buku kapena nambala ya tsamba, ndipo ena amawaika m'kamwa mwa anthu ena.

Tikachotsa zokayikitsa, chotsala n'chiyani? Chachikulu ndi nkhondo yake yolimbana ndi taqlid, kutsatira zimene akale ananena popanda kufunsa umboni. Ankati nzeru ndi chivumbulutso zonse n'zochokera kwa Mulungu ndipo sizingatsutsane. Zikaoneka ngati zikutsutsana, ndiye kuti lembalo sitinalimve bwino. Ankasiyanitsa za mapemphero, zimene sizisintha, ndi za kakhalidwe ka anthu pa malonda, pa banja ndi pa ulamuliro, zimene ziyenera kuyang'ana ubwino wa anthu pa nthawi yawo. Pa mitala anaika pamodzi ndime 3 ya surah 4, imene imalola akazi anayi pokhapokha pali chilungamo, ndi ndime 129 ya surah yomweyo, imene imati simungathe kuchita chilungamo pakati pa akazi ngakhale mutafunitsitsa. Monga woweruza anali ataona ana a mayi wina akudana ndi a mayi wina mpaka kukhoti, ndipo anati wolamulira angathe kuletsa mitala kupatula pa chifukwa chachikulu ngati kusabereka. Dziko la Tunisia litaletsa mitala mu 1956, mfundo zake zinali za mtundu womwewu.

Pa tafsiri yake ya gawo lomaliza la Qur'an, imene analemba yekha, pali malo amene adani ake amawakonda kwambiri. Pa surah ya Njovu, yonena za mbalame zimene zinagenda asilikali a Abraha pamene ankapita kukaukira Makka, Abduh anati chimene chinapha asilikaliwo ndi nthomba kapena chikuku, ndipo "mbalamezo" zingathe kukhala zouluka ngati udzudzu kapena ntchentche zonyamula tizilombo ta matenda. Ambiri amaona apa shehe wochita manyazi ndi zozizwitsa pamaso pa Azungu. Koma za nthombazo sanazipeke. Zili m'mabuku akale a mbiri ya Mtumiki, mmene mukunenedwa kuti chaka chimenecho ndi pamene nthomba inaoneka koyamba ku Arabia. Chake chenicheni ndi tizilomboto, ndipo cholinga chake chinali kusonyeza kuti mphamvu ya Mulungu imaonekera ngakhale m'kachinthu kosaoneka ndi maso. Kaya anakhoza kaya ayi, iyi si ntchito ya munthu wofuna kudula mutu wa chipembedzo.

Za dzina la Salafi, Henri Lauzière anasonyeza mu 2010 kuti Abduh sanatchulepo gulu lake choncho. Amene anafalitsa dzinali pa Afghani ndi Abduh ndi katswiri wa ku France, Louis Massignon, cha m'ma 1919, ndipo ena anangokopera. N'chifukwa chake wophunzira wa lero amasokonezeka akawerenga kuti Abduh anali Salafi kenako n'kupeza mashehe a ku Saudi Arabia akumudzudzula kuti anaika nzeru patsogolo pa hadith.

Magazini ya al-Manar inayenda kutali. Ku Indonesia inafika kwa Ahmad Dahlan, amene anayambitsa Muhammadiyah mu 1912, bungwe limene lero lili ndi masukulu ndi zipatala zambirimbiri. Ku Mombasa inawerengedwa ndi Sheikh al-Amin bin Ali Mazrui, amene wophunzira wake, Sheikh Abdallah Saleh Farsy, anamasulira Qur'an m'Chiswahili. Koma amene anafika m'madera amenewa ndi Abduh wodzera m'manja mwa Rida, ndipo n'chifukwa chake m'malo ambiri dzina lake linagwiritsidwa ntchito polimbana ndi miyambo ya tariqa, ngakhale mwini wake anati Msufi ndiye anamupulumutsa.

Mu Malichi 1905, atatopa ndi mashehe okana kusintha komanso Khedive amene ankawasonkhezera, Abduh anatula pansi udindo wake m'bungwe la al-Azhar. Anamwalira ndi khansa pa 11 Julaye chaka chomwecho ku Alexandria. Mabuku a mu ofesi ya Mufti, mmene alembi ankakopera fatwa (chigamulo cha Mufti) iliyonse, anasungidwa, ndipo Jakob Skovgaard-Petersen ndi ena amene anawafufuza anapeza kuti mwa mafatwa mazanamazana a zaka zisanu ndi chimodzi zimenezo, obutsa mkangano ndi owerengeka. Ochuluka ndi a chuma cha waqf (chopatulidwira ntchito zachifundo kapena banja), kagawidwe ka chuma cha womwalira, ngongole, lendi ndi milandu yotumizidwa ndi makhoti, ndipo pa ambiri mwa amenewa Abduh anangoyankha motsatira mabuku a madhhab ya Hanafi, imene inali ya boma.